Pamene kompyuta ikukana dzina la Ng'oma

Munthu amene dzina la bambo ake ndi Ng'oma, Ng'ambi kapena M'bwana amalidziwa vutoli. Wakhala pansi ndi foni kapena kompyuta, akudzaza fomu ya pa intaneti yofunsira ntchito, malo a sukulu kapena tikiti ya ndege. Walemba zonse mwadongosolo, wadina batani lotumizira, kabokosi ka dzina n'kufiira psuu. Akuti dzinalo n'lolakwika. Abwereza, zomwezo. Pomaliza achotsa kachizindikiro kam'mwamba kaja, kamene kamasiyanitsa ng' ndi ng, fomu n'kudutsa bwinobwino. Kwa amene analemba pulogalamuyo, kaya ali ku Bangalore kaya ku California, palibe chasintha. Koma ife tikudziwa kuti ng'oma ndi yoimba pa gule, pamene ngoma ndi nyama yam'tchire ya nyanga zopotana.

Chimene chamukana munthuyu akatswiri a makompyuta amachitcha input validation. Ndi ntchito yopima chilichonse chimene chikulowa mu pulogalamu isanachigwiritse ntchito: dzina, tsiku, nambala ya foni, kuchuluka kwa ndalama, chithunzi, fayilo, ngakhale uthenga wochokera ku kompyuta inzake. Kompyuta payokha ilibe chikaiko. Ukaiuza kuti mwana wabadwa pa 31 Febuluwale, kapena kuti thumba la feteleza likulemera makilogalamu 50,000, imalemba osaphethira, pokhapokha wina ataiphunzitsa kufunsa. Kupimako ndiye mlonda wapageti. Ndipo monga alonda onse, alipo ogona, alipo oopa bwana aliyense wobwera pa galimoto, alipo ena obweza mwini nyumba chifukwa wavala nsapato zakutha.

Tiyambe ndi chifukwa chimene mlonda uja amaopera kachizindikiro kakang'ono chonchi, pakuti mantha akewo ali ndi pochokera.

Mapulogalamu ambiri amasunga zinthu zawo m'nkhokwe yotchedwa database, ndipo amalankhula nayo m'chinenero cha SQL. M'chinenerochi, mawu wamba amatsekeredwa pakati pa tizizindikiro tiwiri tofanana ndi kaja ka mu Ng'oma. Pulogalamu ikafuna kupeza munthu, imapanga chiganizo chonena kuti: peza aliyense amene dzina lake ndi 'Banda'. Kachizindikiro koyamba kakuti dzina layamba, kachiwiri kakuti latha, zotsatira ndi lamulo. Tsono taikanimo Ng'oma. Chiganizo chija chikhala 'Ng'oma'. Nkhokwe iwerenga kuti dzina ndi Ng, latha, ndipo oma ndi lamulo limene siyikulidziwa. Imasokonezeka n'kubweza uthenga wa vuto.

Zikadathera pamenepo bwenzi ili nkhani yoseketsa chabe. Koma wakuba wochenjera akaona uthenga wa vutowo amamwetulira, chifukwa wadziwa kuti zimene akulemba m'kabokosi zikukafika ku nkhokwe ngati mbali ya lamulo. Ndiye m'malo mwa dzina amalemba kachizindikiro kotseka kaja, kenaka n'kupitiriza ndi lamulo lakelake, monga ' OR '1'='1. Chiganizo chonse tsopano chikuti: peza aliyense amene dzina lake ndi lakutilakuti, kapena ngati 1 ndi wofanana ndi 1. Popeza 1 ndi wofanana ndi 1 nthawi zonse, nkhokwe imakhuthula maina onse amene ili nawo. Zili ngati mayi walemba kakalata kopita kugolosale kuti "mpatseni mwanayu sopo", panjira wina n'kuonjezera m'munsi mwake kuti "ndi ndalama zonse zam'kabati", wogulitsa n'kumvera zonse chifukwa zili pa pepala limodzi.

Kuba kotereku kumatchedwa SQL injection, ndipo si kwa dzana. Kunafotokozedwa poyera mu Disembala 1998 m'magazini ya Phrack ndi Jeff Forristal. Bungwe la OWASP, limene limatulutsa mndandanda wa mavuto khumi oopsa kwambiri pa mapulogalamu a pa intaneti, linaika kuba kwa mtundu umenewu pamwamba penipeni mu 2010, mu 2013 ndi mu 2017. Mu Okutobala 2015 kampani ya mafoni ndi intaneti ya TalkTalk ku Britain inalowedwa mwa njira yomweyi. Zinsinsi za makasitomala 156,959 zinatengedwa, ndipo mwa iwo 15,656 anatengeredwa ndi manambala a akaunti za kubanki omwe. Polowera pake panali masamba akale a pa intaneti amene kampaniyo inawalandira pamene inagula bizinesi ya Tiscali mu 2009, n'kuwaiwala osawakonza. Ofesi yoteteza zinsinsi za anthu m'dzikolo inailipiritsa mapaundi 400,000, chindapusa chachikulu kuposa zonse zimene inali itaperekapo pa nthawiyo. Zaka pafupifupi 17 zinali zitadutsa kuchokera pamene Forristal analemba, ndipo mankhwala ake anali odziwika kwa wophunzira aliyense.

Mankhwalawo si kuletsa kachizindikiro. Ndinene mosabisa: wolemba pulogalamu amene amakana dzina la Ng'oma pofuna kudziteteza kwa akuba ndi waulesi, ndipo chitetezo chakecho n'chobooka, chifukwa akuba ali ndi njira zina zolowetsera lamulo popanda kachizindikiroko, makamaka m'mabokosi olandira manambala. Njira yoyenera ndi imene amaitcha prepared statement. Lamulo limapita ku nkhokwe palokha, lili ndi mpata wosiyidwa, ndipo zimene munthu walemba zimapita padera, ngati mu envulopu yomata yolembedwa kuti "muno muli dzina basi". Nkhokwe siyiwerenganso zam'katimo ngati lamulo, kaya muli tizizindikiro khumi. Ng'oma amadutsa, O'Brien wa ku Ireland amadutsa, wakuba uja lamulo lake limangosungidwa ngati dzina lachilendo la munthu amene kulibe. Zinenero zonse zikuluzikulu zolembera mapulogalamu zili ndi njira imeneyi kalekale, ndipo siyilira ndalama ina iliyonse.

Mafunso amene mlonda ayenera kufunsa

Funso loyamba n'losavuta: kodi chinthuchi chili ndi maonekedwe oyenera? M'kabokosi ka zaka mwalowa manambala kapena zilembo? Nambala ya foni ili ndi manambala okwanira? Mapulogalamu ambiri amathera pomwepa. Koma chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Chinthu chitha kuoneka bwino kunja chili chosatheka m'pang'ono pomwe, ndipo nkhani imene imaonetsa zimenezi bwino kuposa zonse inachitikira ku Tokyo.

Pa 8 Disembala 2005, kampani yopezera anthu ntchito yotchedwa J-Com inali kuyamba kugulitsa masheya ake pa msika wa masheya wa Tokyo. Wantchito wina wa Mizuho Securities, kampani yogulira ndi kugulitsira anthu masheya, anauzidwa ndi kasitomala kuti agulitse sheya imodzi pa mtengo wa mayeni (ndalama za ku Japan) 610,000. Iye anasinthanitsa mabokosi: analemba masheya 610,000 pa mtengo wa yeni imodzi. Taonani bwino. M'kabokosi ka kuchuluka munalowa nambala. M'kabokosi ka mtengo munalowanso nambala. Pa funso loyamba lija, zonse zinali zolondola.

Koma kampani yonse ya J-Com inali ndi masheya 14,500 okha. Munthuyu anali kugulitsa katundu woposa amene analipo padziko lonse maulendo oposa 40, ngati wina atabwera pamsika wa ng'ombe n'kunena kuti akugulitsa 400 pamene khola lonse muli khumi. Kompyuta yake inatulutsadi chenjezo lakuti mtengowo suli bwino, iye n'kulidutsa. Makina a msika wa masheya nawo analandira lamulolo osafunsa kuti masheya ochuluka chonchi achokera kuti. Atazindikira kulakwa, a Mizuho anayesa kangapo kulibweza lamulolo, koma pulogalamu ya msikawo inali ndi vuto lina limene linakana kubweza. Amalonda ena anathamangira kugula. Mizuho inataya pafupifupi mayeni 40 biliyoni, mkulu wa msika wa Tokyo, Takuo Tsurushima, anatula pansi udindo mwezi womwewo, ndipo mu 2009 khoti linalamula msikawo kulipira Mizuho mayeni oposa 10 biliyoni chifukwa cha kulephera kubweza kuja.

Pali zinthu ziwiri zimene ndimaziona m'nkhani imeneyi. Choyamba, funso lachiwiri la mlonda liyenera kukhala lakuti: kodi zimenezi n'zotheka, poyerekeza ndi zina zimene ndikuzidziwa kale? Msika unkadziwa chiwerengero cha masheya a J-Com. Chimene chinasowa ndi mzere umodzi woyerekeza manambala awiriwo. Chachiwiri ndi chenjezo lija. Anthu amakonda kuloza chala wantchitoyo, koma aliyense amene amagwira ntchito pa kompyuta tsiku ndi tsiku akudziwa chimene chimachitika ndi timabokosi tofunsa kuti "mwatsimikiza?". Tikachuluka, chala chimadina chokha maso asanawerenge. Chenjezo ndi la zinthu zachilendo koma zotheka. Chinthu chosatheka sichifunika chenjezo, chimafunika chitseko chotseka.

Zomwezi zinabwerezeka ku South Korea mu Epulo 2018. Wantchito wa Samsung Securities ankafuna kupereka phindu la mawoni 1,000 pa sheya iliyonse kwa antchito anzake, koma anasankha masheya m'malo mwa ndalama. Makina anabala masheya 2.8 biliyoni amene kunalibe, kuposa onse a kampaniyo maulendo oposa 30, ndipo antchito 16 anagulitsako ena vutolo lisanatsekedwe.

Funso lachitatu ndi lovuta kuposa onse: chinthuchi n'chooneka bwino, n'chotheka, koma kodi ndi chimene munthuyu amafuna? Apa kompyuta imafunika thandizo, ndipo nthawi zina thandizolo limabisidwa m'nambala momwemo. Nambala yomaliza pa khadi lanu la kubanki si yongosankha. Imawerengeredwa kuchokera ku manambala enawo mwa njira imene anapanga Hans Peter Luhn wa kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1950. Kuyambira kumanja, nambala yachiwiri iliyonse imachulukitsidwa kawiri, ikapitirira 9 amachotsapo 9, kenaka zonse amaziphatikiza, ndipo yankho liyenera kuthera ndi 0. Mukalakwitsa nambala imodzi iliyonse, masamuwo sakwana, ndipo fomu imakukanani isanafunse n'komwe kubanki. Mukasinthanitsa manambala awiri oyandikana imagwiranso, kupatula 09 ndi 90.

Nambala ya foni ilibe mlonda wam'kati ngati ameneyu. Mukafuna kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba n'kulemba 7 m'malo mwa 1, nambala yolakwikayo imayamba ndi 099 kapena 088 ngati inzake, ili ndi manambala khumi ngati inzake, ndipo kawirikawiri ili ndi mwini wake amene alandira ndalamazo n'kuzimitsa foni. Palibe masamu amene angagwire kulakwa kotere. Njira imodzi yokha ndi kumubwezera munthu funso m'maonekedwe ena: osamuonetsanso nambala imene walemba, chifukwa maso aiwerenga monga mmene mtima ukufunira, koma kumuonetsa dzina la wolandira. Ku Kenya a Safaricom anaika njira imeneyi pa M-Pesa n'kuitcha Hakikisha. Munthu amene amatumizira mayi ake akaona dzina lachilendo amadzidzimuka mwa njira imene manambala khumi sangamudzidzimutse.

Mlonda aime pati

Mukamadzaza fomu pa foni, kabokosi kakafiira musanatumize n'komwe, kupimako kukuchitikira m'foni mwanu momwemo. N'kwabwino, kumapulumutsa nthawi ndi bandulo. Koma si chitetezo. Foni ndi yanu, ndipo munthu wodziwa atha kusintha tsambalo, kuchotsa zoletsa zonse, kapena kulidumpha n'kutumiza zimene akufuna molunjika ku seva, kompyuta ya kampani imene imalandira mafomuwo. Ngati mtengo wa katundu ukuchokera pa tsamba limene lili m'manja mwa wogula, wogulayo atha kuusintha K50,000 kukhala K50. Choncho chilichonse chimene chapimidwa pa foni chiyenera kupimidwanso pa seva, kumene wogula sangafikeko. Jeff Bezos anafotokozapo kuti Amazon itangoyamba, munthu ankatha kuitanitsa mabuku ochepera 0, monga -3, makina n'kumuikira ndalama pa khadi lake ngati wabweza katundu. Palibe anaganiza kuti munthu angalembe nambala yotere, choncho palibe analetsa.

Mawu amenewo, "palibe anaganiza", ali pansi pa nkhani zonsezi. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuti ndi bwino kulemba mndandanda wa zololedwa kusiyana ndi wa zoletsedwa. Zoipa zilibe malire, sungazilembe zonse. Koma ukanena kuti kuchuluka kwa mabuku ndi nambala yathunthu kuyambira 1 kufika 100, watseka zonse zimene sunaziganize n'komwe.

Mlonda woopa abwana

Ngozi zina zikuluzikulu sizinachokere m'kabokosi kodzaza munthu. Zinachokera pamene pulogalamu inakhulupirira inzake.

Mu Epulo 2014 dziko linamva za Heartbleed, vuto limene linali mu OpenSSL, pulogalamu yaulere imene masamba ambiri a pa intaneti amadalira pobisa mauthenga. Makompyuta awiri akamalankhulana, imodzi imatumiza kauthenga kofunsa kuti "ukadalipo?", n'kunena kutalika kwa kauthengako, ndipo inzake imakabweza momwemo. Vuto linali lakuti yobwezayo sinkayeza kauthengako, inkangokhulupirira kutalika konenedwako. Tiyerekeze pachigayo. Mwabwera ndi kambale ka chimanga, mwauza wachigayo kuti ndi thumba la makilogalamu 50. Iye osayang'ana, akubwezerani ufa wa makilogalamu 50, wotsalawo akutapa m'matumba a anthu ena amene ali pafupi. Ndi mmene seva inkachitira: inkabweza kauthengako pamodzi ndi zilizonse zoyandikana nako m'malo ake osungira zinthu, mpaka makilobayiti 64 ulendo umodzi, ndipo wakuba ankatha kubwereza maulendo osawerengeka osasiya phazi. M'zotapidwazo munkapezeka mapasiwedi ndi makiyi achinsinsi. Cholakwikacho chinalowa pa tsiku lomaliza la 2011, chinapimidwa ndi munthu wachiwiri osachiona, ndipo chinakhala poyera zaka ziwiri. Bungwe lotolera misonkho ku Canada linaberedwa manambala a nzika pafupifupi 900 kudzera pomwepo. Kukonza kwake kunali mizere yochepa yonena kuti: yeza kaye, ngati kutalika konenedwa kukuposa kwenikweni, usayankhe.

Ya CrowdStrike ndiye imapweteka mutu kwambiri, chifukwa munalibe wakuba aliyense, ndipo kampaniyo ntchito yake ndi kuteteza makompyuta. Pa 19 Julayi 2024, nthawi itangopitirira 6 koloko m'mawa pa wotchi ya ku Lilongwe ndi Lusaka, kampaniyo inatumiza kafayilo ka malangizo ku makompyuta a makasitomala ake, monga imachitira kawirikawiri. Kafayiloko, kotchedwa Channel File 291, kankayembekeza zinthu 21 zoti ziyerekezedwe, pamene mbali ya pulogalamu yopereka zinthuzo inkapereka 20. Kusiyanaku kunalipo kwa miyezi ingapo osaoneka, chifukwa malangizo oyamba onse ankati pa malo a 21 chilichonse n'chololedwa, ndiye palibe ankapitako kukayang'ana. Malangizo a tsiku limenelo anafuna kuyang'anadi. Pulogalamu inatambasula dzanja kukatenga chinthu cha 21, inagwira pamene panalibe kanthu, ndipo popeza imagwira ntchito m'kati mwenimweni mwa Windows, kompyuta yonse inagwa. Ikayaka, iwerenganso kafayilo komweko, igwanso.

Kampaniyo inali nayo pulogalamu yopima mafayilo otere asanatuluke, koma nayonso inkawerengera 21, ndiye inavomereza. Ndipo pulogalamu ya pa kompyuta ya kasitomala sinapimenso, poti kafayiloko kachokera kwa eni ake. Mlonda anaona galimoto ya abwana n'kutsegula geti osasuzumira m'kati. A CrowdStrike anakabweza kafayiloko patatha mphindi 78, koma Microsoft inati makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anali atagwa kale. Ndege zinaima, zipatala zinaimitsa maopaleshoni, mabanki ndi nyumba zoulutsa mawu zinangoti zii. Kampani ya ndege ya Delta yokha inalepheretsa maulendo pafupifupi 7,000. Ndipo popeza kompyuta yakugwa siyingalandire mankhwala kudzera pa intaneti, akatswiri anayenera kuyenda kompyuta ndi kompyuta kukafufuta kafayiloko ndi manja.

Pulogalamu yokonda kuthandiza

Pali mlonda wina amene sakana ndipo salola, koma amakusintha zovala pageti osakuuza. Aliyense amene analembapo mndandanda wa manambala a foni mu Excel amamudziwa. Mulemba 0999 ndi zotsatira zake, mukadina, 0 woyamba wasowa, chifukwa pulogalamu yaganiza kuti iyi ndi nambala yowerengera ndipo 0 wakutsogolo alibe ntchito. Nambala ikatalika kwambiri imasanduka zinthu ngati 2.66E+11. Ndipo tsiku lolembedwa 03/04 kwa ife ndi 3 Epulo, pamene kompyuta yotcheredwa mwa Chimereka imaliwerenga 4 Malichi, osafunsa.

Asayansi ofufuza za majini, tizinthu tam'thupi timene timatengera kwa makolo, anavutika ndi khalidweli zaka zambiri. Pali majini amene maina ake achidule anali SEPT1 ndi MARCH1, ndipo Excel ikawaona inkawasandutsa 1 Seputembala ndi 1 Malichi. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti mwa zolemba za asayansi zokhala ndi mindandanda ya majini mu Excel, pafupifupi chimodzi mwa zisanu zilizonse chinali ndi zolakwika zoterezi. Pofika 2020 komiti yopereka maina a majini a anthu inagonja: inasintha maina 27, SEPT1 kukhala SEPTIN1, MARCH1 kukhala MARCHF1. Jini linachita zomwe anachita a Ng'oma aja, kusintha dzina kuti pulogalamu isangalale.

Chaka chomwecho ku England, zotsatira za anthu 15,841 opezeka ndi Covid-19 zinasowa m'chiwerengero cha boma kwa masiku angapo. Zinkadutsa mu fayilo ya Excel ya mtundu wakale imene imatha pa mizere 65,536, ndipo zopitirira pamenepo zinkangogwera pansi mwakachetechete. Anthu amene anakhudzana ndi odwalawo sanaimbiridwe foni pa nthawi yake. Kukana mofuula kukanakhala bwino. Fomu ikakukana umadziwa kuti pali vuto, koma ikameza theka n'kunena kuti zikomo, umapita kukagona.

Mlonda wobweza mwini nyumba

Tibwerere kwa a Ng'oma, chifukwa mbali iyi ndi imene imatikhudza kwambiri ndipo siyilembedwa m'nyuzipepala, poti palibe ndege imaima. Malamulo ambiri opimira zinthu amalembedwa ndi munthu amene akuganiza kuti dziko lonse limakhala ngati kwawo. Amaganiza kuti dzina lili ndi zilembo za A mpaka Z basi, ndiye ŵ wa mu Malaŵi amakanidwa kapena kusanduka tizizindikiro tosamveka. Amaganiza kuti aliyense ali ndi nambala ya nyumba, dzina la msewu ndi postcode, pamene kwathu munthu amakhala kuseri kwa tchalitchi, ukadutsa mjigo, nyumba ya malata yachitatu. Amaganiza kuti aliyense amadziwa tsiku, mwezi ndi chaka chimene anabadwa, pamene agogo ambiri amangodziwa kuti anabadwa chaka cha njala ya 1949 kapena chitangodutsa.

Fomu ikaumirira, munthu sabwerera kunyumba. Amanama. Pa postcode amalemba 00000 kapena 265. Pa tsiku lobadwa kalaliki amalemba 1 Januwale, ndipo n'chifukwa chake m'mabuku a mabungwe olembetsa anthu othawa kwawo mumadzaza anthu obadwa pa tsiku la chaka chatsopano. Nkhokwe imaoneka yoyera, mabokosi onse odzaza, koma theka la zodzazidwamo ndi zopeka, ndipo palibenso njira yosiyanitsira wobadwadi pa 1 Januwale ndi wongolembedwa. Kukanakhala kabokosi konena kuti "chaka chokha ndicho chikudziwika", nkhokweyo ikanakhala ndi mipata, koma ikanakhala yoona. Ine ndingasankhe mpata kusiyana ndi bodza looneka bwino.

Vuto limakula pamene nkhokwe ziwiri zikumana. Fomu ina inalola Ng'oma, ina inakakamiza Ngoma, ina kalaliki anaika mpata n'kulemba Ng oma. Tsiku lina makina ayerekeza dzina la pa chiphaso ndi la kubanki, kapena la pa satifiketi ndi la pa fomu ya ntchito, n'kupeza kuti sakufanana. Kwa kompyuta awa ndi anthu atatu. Amene ayende kukapanga kalata yolumbira kuti onsewo ndi iye ndi mwini dzina, osati wolemba pulogalamu.

Ngakhale mawu wamba atha kukola munthu. M'zinenero zambiri za makompyuta, NULL amatanthauza kuti palibe kanthu. Katswiri wina wa ku California anasankha mawu amenewa kukhala nambala ya galimoto yake, ndipo mu 2019 anafotokoza kuti zindapusa za pamsewu za magalimoto amene nambala zawo sizinalembedwe zinayamba kubwera kwa iye, mpaka zinapitirira madola 12,000. Anthu amene Null ndi dzina lawo lenileni la makolo amakumana ndi mafomu owauza kuti sanalembe dzina.

Wolemba pulogalamu wosamala amasiyanitsa zinthu zimene zili ndi malamulo enieni ndi zimene zilibe. Kuchuluka kwa ndalama kuli ndi malamulo, ndipo pamenepo aumitse mtima. Mwezi uli pakati pa 1 ndi 12. Masheya ogulitsidwa sangapose amene alipo. Koma dzina la munthu lilibe lamulo lina kupatula limene mwini wake wanena. Pamenepo chofunika ndi kuika malire a kutalika, kulandira zilembo zonse za Unicode (mndandanda wa zilembo za zinenero za padziko lonse) zimene zili ndi ŵ yemwe, ndi kulisamala dzinalo pa malo alionse amene likupita: mu envulopu yomata likamapita ku nkhokwe, ndi kulikonza moyenera likamaonetsedwa pa tsamba kuti lisawerengedwe ngati lamulo kumenekonso. Ndipo akakana chinthu, anene chifukwa chake m'mawu omveka. Uthenga wakuti "dzina lanu n'lolakwika" ndi mwano, komanso ndi bodza. Cholakwika ndi fomu.

Pali malo amodzi pamene kachizindikiro kaja kamachotsedwa mwadala, ndipo palibe wolemba pulogalamu angasinthe. Tsegulani pasipoti pa tsamba la chithunzi, muyang'ane mizere iwiri yam'munsi yodzaza ndi tizizindikiro ta <. Mizere imeneyo ndi yowerenga makina, ndipo malamulo ake anaikidwa ndi bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO. Amalola zilembo zikuluzikulu za A mpaka Z, manambala, ndi kachizindikiro kodzazira mpata kaja basi, ndipo amanena kuti kachizindikiro kam'mwamba kazisiyidwa. Pamwamba pa tsambalo, pamene amawerenga munthu, patha kulembedwa Ng'oma. M'munsi, pamene amawerenga makina a pa bwalo la ndege ku Johannesburg kapena ku London, palembedwa NGOMA, ndipo tikiti nayo kawirikawiri imatuluka chimodzimodzi.